Lasitiki akutha msanga, ulusi ukupiringizana: ndisiye kusoka zomangira tsitsi?

Mayi wina wa ku Chilobwe mu mzinda wa Blantyre watilembera motere: "Ndili ndi makina opalasa a Butterfly amene anandisiyira malemu mayi anga. Ndinayamba kusoka ma scrunchie (zomangira tsitsi zansalu zokhala ndi lasitiki mkati), ma headband ndi maboneti ogonera pogwiritsa ntchito zidutswa za zitenje zomwe ndimapempha kwa atelala. Poyamba anthu ankagula, koma tsopano madandaulo achuluka. Ena akuti lasitiki akumatha mphamvu pasanathe mwezi, wina anati headband imamupweteketsa mutu, ndipo mayi wina anabweza boneti chifukwa inadetsa pilo. Makinanso akumapiringiza ulusi kunsi kwa nsalu. Ndikawerengera, phindu sindikuliona. Kodi vuto ndi makina akalewa, kapena ntchitoyi siyanga?"

Mayi, zikomo potilembera, ndipo mtima ukhale m'malo. Pa zonse mwatchulazi palibe chimene chikundiuza kuti manja anu ndi olephera, ndipo makinawo musawagulitse. Makina achitsulo opalasa ngati anuwo ndi amene akudyetsa mabanja a atelala ambiri m'makonde a masitolo kuyambira ku Nsanje mpaka ku Karonga, ndipo magetsi akazima inu mumapitiriza ntchito pamene mnzanu wa makina amagetsi wakhala manja lende. Pa zaka zomwe ndakhala ndikusoka ndi kuphunzitsa atsikana, madandaulo anuwa ndi omwewo amene aliyense woyamba tinthu ting'onoting'ono ta kumutu amakumana nawo. Chimene chimavuta n'chakuti kanthu kakang'ono sikabisa cholakwika. Diresi ikhoza kukhota msoko m'khwapa munthu n'kuvala chaka chonse osadziwa, koma scrunchie imakokedwa m'mawa uliwonse, kawiri katatu, ndiye chofooka chilichonse chimaonekera sabata yomweyo.

Tiyambe ndi lasitiki, chifukwa ndikuona kuti apa ndiye pagona nkhani yanu yaikulu. Wogula amakopeka ndi maluwa a chitenje, koma chimene chimamubweretsanso kwa inu ndi chimene chili mkati, chomwe iye sachiona. Lasitiki amene amagulitsidwa m'misika si wofanana. Alipo wopyapyala wa mizeremizere, amene mukamukoka amachepa m'lifupi mwake. Ameneyu ndi wabwino kulowetsa m'kati mwa mpendero, koma singano ikamuboola kangapo amafooka pamalo pomwepo. Alipo wina wofewa, wolukidwa ngati juzi, amene sachepa akakokedwa ndipo amalola kusokedwa pamwamba. Palinso wolimba wokhuthala uja wa m'chiuno mwa mathalauza ndi masiketi. Wa scrunchie tengani wa mamilimita 6 mpaka 8 m'lifupi, wa kumbuyo kwa headband akhale wa masentimita 2 kapena 2.5, chifukwa wopyapyala amadula khungu kuseri kwa makutu.

Koma ngakhale mtundu utakhala woyenera, lasitiki amakalamba ali pa shelefu. Mphira wa mkati mwake sagwirizana ndi dzuwa ndi kutentha, ndiye mpukutu umene wakhala pa benchi ya pamsika miyezi yambiri ukuwombedwa ndi dzuwa umakhala utafa kale inu musanaugule. Musachite manyazi kuyesa pamaso pa wogulitsa. Gwirani kachidutswa kotalika ngati chikhatho, kokani mwamphamvu kangapo, kenako musiye. Akabwerera pomwe anali, mugule. Akatsala wotalikirapo kapena wamakwinya ngati mafunde, msiyeni. Muikenso pafupi ndi khutu pomukoka: mukamva kuthetheka pang'onopang'ono, ndiye kuti timitsempha ta mphira tikuduka mkatimo. Wogulitsa wokana kuti muyese ndiye kuti akudziwa chimene akugulitsa.

Lasitiki wabwino amaphedwanso kunyumba kwanu komweko, ndi simbi. Ambiri akamaliza kusoka amafuna kuti katundu aoneke bwino, ndiye amadinda simbi yamakala yotentha kwambiri pa chinthu chomwe muli kale lasitiki. Sitani nsalu musanalowetse lasitiki, mukalowetsa simbi isayandikirenso. Kwa ogula nako kuli adani ake: mafuta odzola kumutu, makamaka a mtundu wa Vaseline, amafewetsa mphira, madzi otentha ndi mankhwala oyeretsera zovala ngati Jik amamumaliza. Uzani kasitomala aliyense kuti azichapa ndi madzi ozizira ndi sopo wamba, n'kuyanika pamthunzi. Mawu awiriwo amakupulumutsani ku madandaulo ambiri.

Pali chinanso chimene ndikukayikira, poti mwati akutha pasanathe mwezi. Mwina lasitiki sakutha mphamvu ayi, koma akumasuka polumikizira n'kuthawira mkati mwa nsalu. Makina anu amasoka msoko wowongoka wokha, alibe zigizagi, ndiye mukangodutsa kamodzi pa nsonga ziwirizo ulusi umaduka tsiku lachitatu. Sanjikizani nsongazo masentimita awiri, musoke kabokosi ka ngodya zinayi, mudutsenso pakati mopingasa. Ngati lasitiki ndi wopyapyala moti makina akumumeza, mangani mfundo yolimba kawiri, muikoke ndi mphamvu zanu zonse, kenako muibise mkati. Mfundo yabwino imaposa msoko wa ulesi.

Miyeso nayi, poti ambiri amangodula mwa maso. Scrunchie ya munthu wamkulu imafuna nsalu ya masentimita 50 mpaka 55 m'litali ndi 10 m'lifupi, lasitiki wa masentimita 20. Ya munthu woluka mesh kapena wa ma dreadlocks, lasitiki afike 25 ndipo nsalu italike mpaka 65 kapena 70, apo ayi ikakokedwa nsalu imathera panjira lasitiki asanafike pomwe amathera, ndipo msoko ndi umene umang'ambika. Ya mwana, nsalu ya 40 ndi 8, lasitiki wa 15. Dulani makatoni a miyeso imeneyi muzingoika pansalu n'kujambula ndi choko, tepi muisiyire ntchito zina.

Tsopano headband yopweteketsa mutu ija. Mutu wa munthu wamkulu kawirikawiri umazungulira masentimita 55 mpaka 57, koma ameneyo ndi mutu wopanda kanthu. Mayi yemweyo akaluka tsitsi lalikulu kapena akavala wigi, muyeso umakwera. Headband yonse, nsalu yakutsogolo pamodzi ndi lasitiki wakumbuyo asanakokedwe, izichepa ndi masentimita awiri kapena atatu okha poyerekeza ndi mutuwo. Mwachitsanzo nsalu ya 40 kutsogolo ndi lasitiki wa 14 kumbuyo, wovekedwa kathumba ka nsalu kotalika pafupifupi kawiri kuti apeze potambasukira. Sokani masaizi atatu, ndipo wogula aziyesa asanalipire. Chala chimodzi chizilowa bwinobwino pakati pa headband ndi khungu.

Nkhani yothina imeneyi musaitenge ngati ya kukoma kwa chovala kokha. Tsitsi likamakokedwa malo amodzimodzi tsiku ndi tsiku, limayamba kuthothoka m'mphepete, pachipumi ndi cham'makutu. Madokotala amalitchula vutoli kuti traction alopecia, ndipo mwaliona kwa amayi ambiri amene chipumi chawo chikunka chikulowera m'kati chifukwa cha kuluka kothina. Likadziwika msanga n'kusiya kukoka, tsitsi limameranso, koma zikapitirira zaka mizu imafa osameranso. Apa ndiye pali mwayi wanu pa malonda: scrunchie yansalu yofewa imasamala tsitsi kuposa timalabala topanda chovala tija timene timadula tsitsi pomasula. Koma kasitomala akakuonetsani pamutu pali tizilonda, totupa tokhala ndi mafinya, zigamba zozungulira zoyabwa ngati chipere, kapena dazi loti likukula, musamugulitse boneti ngati mankhwala. Muuzeni apite kuchipatala akamuone a zakhungu. Chipere cha m'mutu chimafuna mankhwala akumwa, ndipo chimapatsirana kudzera m'zipeso ndi zovala kumutu, choncho chinthu chimene wayesa munthu wotero chichapidwe chisanabwerere m'thumba la malonda.

Za makanda ndinene mosapita m'mbali. Timaluwa ndi mikanda zomata ndi guluu pa headband ya mwana wosakwana zaka zitatu ndi ngozi, chifukwa mwana amazula n'kuika mkamwa, ndipo kamkanda kamodzi n'kokwanira kumutsamwitsa. Chokongoletsa chilichonse chikhale chansalu, chachikulu, chosokedwa ndi ulusi wapawiri. Ndipo mayi ake muwauze kuti mwana asagone atavala, chifukwa ikatsetsereka imafika pamphuno kapena pakhosi. Ine oda ya mikanda pa zinthu za khanda ndimaikana, ngakhale wina atakwiya.

Boneti yodetsa pilo, chifukwa chake n'chachidule: nsaluyo simunaichape musanadule. Chitenje chatsopano chimabwera ndi sitachi ndi utoto wotsalira pamwamba, ndipo zina zotsika mtengo zimasuluka koopsa, makamaka zofiira, zabuluu wakuda ndi zakuda. Usiku munthu amatuluka thukuta, kumutu kuli mafuta, utoto uja n'kusamukira pa pilo. Nsalu ya thonje imabwereranso ikachapidwa koyamba, ndiye chinthu chosokedwa ndi nsalu yosachapa chimapindika misoko. Zidutswa zonse zimene mwatenga kwa atelala muziviike, zowala pazokha zakuda pazokha, mutsukuluze mpaka madzi ayere. Zikauma, nyowetsani kansalu koyera mukhutize pa chitenjecho. Kakasintha mtundu, chitenje chimenecho chisayandikire boneti. Ena adzakuuzani kuti muthire mchere kapena viniga m'madzi kuti utoto ugwire. Musadalire zimenezo, nsalu yosuluka imasulukabe.

Komanso boneti yeniyeni siyenera kukhala ya chitenje mbali zonse. Thonje limamwa mafuta a m'tsitsi ndipo limakhula, ndiye munthu amadzuka tsitsi litauma. Mkati muzikhala satini, chitenje kunja kongokongoletsa. Dulani zozungulira ziwiri za masentimita 60 kuchoka mbali ina kufika mbali ina, zokulirapo kwa oluka tsitsi lalitali, lasitiki akhale wa 50 mpaka 53 ndipo abisike m'mpendero kuti asakhudze tsitsi la m'mphepete. Satini watsopano akakukulirani mtengo, pitani pa kaunjika mukasankhe madiresi a operekeza akwati ndi zovala zogonera zoterera zija. Diresi imodzi yaitali imatulutsa maboneti angapo ndi ma scrunchie ambiri kuchokera m'zotsalira. Muchape bwino ndi kuyanika padzuwa musanadule. Satini amavuta kusoka poti amaterera, ndiye ikani singano yaing'ono, nambala 11 kapena 12, muyale pepala la m'kope kunsi kwa nsalu, musokere limodzi, kenako mung'ambe pepalalo. Nyuzipepala ayi, inki yake imadetsa.

Tibwere ku makina. Ulusi ukapiringizana kunsi, aliyense amathamangira kumasula kasikuluwu ka bobini (pomwe pamakhala ulusi wapansi), chonsecho kawirikawiri wolakwa ndi ulusi wapamwamba. Ulusi umenewu umayenera kudutsa pakati pa timbale tiwiri ta tenshoni, tomwe timalimbitsa ulusi, ndipo timbaleto timatseguka pokhapokha kaphazi kopondera nsalu katakwezedwa. Mukalowetsa ulusi kaphazi kali pansi, ulusi umangodutsa pamwamba osagwidwa, ndiye wonse umakathera kunsi. Chotsani ulusi wonse, kwezani kaphazi, mulowetsenso kuyambira pachiyambi osalumpha kangowe kalikonse. Kenako tsitsani kaphazi mukoke ulusi: uzimveka kulimba. Ukamangobwera wopanda choletsa, pakati pa timbale paja pali fumbi kapena kachidutswa ka ulusi, pukutanipo ndi kansalu.

Yang'ananinso singano. Ili ndi mbali yophwatalala kumutu kwake ndi kamsewu kakatali mbali inayo, ndipo ulusi nthawi zonse umalowera mbali ya kamsewu kakataliko. Pa makina ambiri a mtundu wanuwu mbali yophwatalala imayang'ana kudzanja lamanja, ulusi n'kulowa kuchokera kumanzere. Singano yotembenuka kapena yosafika m'mwamba imalumphitsa msoko. Ya chitenje ikhale nambala 14, ndipo ikayamba kumveka kugogoda polowa m'nsalu ndiye kuti yabuntha, isintheni. Poyamba msoko uliwonse gwirani nsonga ziwiri za ulusi kumbuyo mpaka singano ibaye katatu. Izi n'zofunika kwambiri kwa inu chifukwa tinthu tanu n'tatifupi, mumayamba msoko watsopano mphindi iliyonse. Gudumu lizizungulira kubwera kwa inu. Likangobwerera m'mbuyo pang'ono poyamba kupalasa, ulusi umakodwa pomwepo, choncho liyambitseni ndi dzanja mapazi n'kulandira. Tsegulani kachitsulo ka pansi pa singano muchotse thonje lodzaza m'mano a makina, mudonthezere oyilo wa makina osokera m'timabowo tonse. Mafuta ophikira musayerekeze, amauma n'kusanduka ulimbo.

Mukachita zonsezi koma singano ikumenyabe chitsulo, ikuthyoka pafupipafupi, kapena msoko ukulumpha ngakhale singano ili yatsopano, pamenepo ndi pa makaniko. Ndiye kuti kayendedwe ka singano ndi ka ngowe yotola ulusi zasemphana, ndipo zimenezo si zokonza ndi mpeni wa kukhitchini. Funsani atelala achikulire a ku Limbe kapena mumsika wa Blantyre amene amawakonzera, iwo amadziwa wodalirika. Zipangizo za makina a mtundu umenewu sizisowa.

Tsono phindu. Apa ndikuuzani zimene mwina simuzikonda: poti nsalu mumapatsidwa ulere, mukuganiza kuti katundu wanu alibe mtengo wopangira, ndiye mukugulitsa motaya. Tsiku limene atelala aja adzazindikire kuti zidutswa ndi ndalama, kapena limene mudzalandire oda ya zinthu makumi atatu zofanana, mudzagula chitenje ndi ndalama zanu, ndipo mtengo munazoloweretsa anthu uja sudzakwanira. Werengerani ngati kuti nsalu mwagula. Chitenje cha mamita awiri, chomwe m'lifupi chimapitirira pang'ono mita imodzi, chimatulutsa ma scrunchie pafupifupi 40 mukadula mosamala. Tiyerekeze kuti mwachigula pa K10,000: ndiye kuti nsalu ya scrunchie imodzi ndi K250. Onjezani lasitiki, yemwe mita imodzi imakwana zisanu, ulusi, makala a simbi, kapepala kokutira, minibasi yopitira kokagula, ndi bandulo ya foni yotsatsira. Pamwamba pa zonsezo muikepo nthawi yanu. Dzifunseni kuti pa ola limodzi mumamaliza zingati, ndipo ola lanu mukufuna lizikupatsani zingati. Phindu limayamba pamene zonsezi zalipidwa. Mitengo muziionanso pafupipafupi. Mu November 2023 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti tsiku limodzi, ndipo lasitiki, singano ndi satini zonse n'zochokera kunja. Amene anapitiriza kugulitsa pa mtengo wakale anadya mpamba osazindikira.

Nthawi mungaichepetse posiya kusoka chimodzichimodzi. Tsiku lodula muzingodula, kenako musoke misoko yaitali yonse motsatizana osadula ulusi pakati, kenako mutembenuze zonse, musite zonse, mulowetse lasitiki zonse. Kutseka kabowo kotsala ndi singano yapamanja muzichita madzulo mukucheza. Mudzadabwa kuchuluka kwa zomwe zituluke.

Pa mtengo musalimbane ndi zomangira tsitsi za m'mapaketi zochokera ku China zodzaza m'masitolo, simungazigonjetse. Inu gulitsani chimene iwo sangathe: chofanana ndi chovala cha munthu. Mayi amene wasoketsa diresi ya chitenje amakondwa kupeza headband ya nsalu yomweyo, ndiye gwirizanani ndi atelala aja kuti azikutumizirani makasitomala awo pamodzi ndi zotsalira za nsalu zawo. Zinkhoswe, maukwati ndi ma bridal shower kumene anthu amavala yunifolomu ya chitenje chimodzi ndiko kuli maoda a zinthu zambiri nthawi imodzi. Masaluni ndi malo abwino a maboneti, poti munthu amene wangolipira ndalama zambiri polukitsa amafuna kuti tsitsilo likhalitse. Kusukulu za boma musayembekezereko zambiri, atsikana ambiri kumeneko amameta, koma za mkaka ndi zoyima pazokha ziliko bwino. Chenjezo limodzi: zitenje za mipingo ndi za zipani zimene zili ndi nkhope za anthu kapena mawu, musazidule mwachisawawa n'kuika pa malonda. Nkhope ya munthu wolemekezeka itaduka pakati pa scrunchie ikhoza kukuyambitsirani mkangano umene simunaufune.

Zithunzi za pa WhatsApp ndi Facebook muzijambula panja pamthunzi m'mawa, chinthucho chitavalidwa pamutu pa munthu amene wavomera, osati chitagona pa mkeka. Pa oda yaikulu muzilandira theka la ndalama musanagule nsalu, kaya pa Airtel Money kaya pa Mpamba, ndipo ngongole za "ndidzakupatsani pa malipiro" zikhale ndi malire ndi kope lake. Ndalama ya bizinesi isagone m'chikwama chimodzi ndi ya ndiwo. Ngati muli mu banki m'khonde, ngongole yoyamba ikhale ya mpukutu wathunthu wa lasitiki wabwino wopikula, osati ya makina atsopano.

Amene anakubwezerani katundu aja musawazembe. Mayi wa pilo uja mumusokere boneti ina ya satini mkati mumupatse ulere, ndipo a lasitiki wakutha muwasinthire. Zikutengerani ndalama zochepa, koma m'dera ngati Chilobwe mbiri imayenda pakamwa.

Mukadzaona kuti manja azolowera ndipo mukufuna kufika pa madiresi ndi mayunifolomu, kaphunzireni kudula mwa dongosolo. Bungwe la TEVETA, lomwe linakhazikitsidwa mu 1999, limayang'anira maphunziro a ntchito zamanja, ndipo kusoka kumaphunzitsidwa m'makoleji angapo a ntchito zaluso, kuphatikizapo a m'madera. Kafunseni ku ofesi yawo ku Blantyre za nthawi yolembetsa. Ngati sukulu siyitheka panopa, pemphani telala waluso kuti muzikhala naye masiku awiri pa sabata, mukumuthandiza kupenda ndi kusita, iye akukuonetsani kudula. Pakadali pano, sabata ino sokani ma scrunchie asanu ndi lasitiki amene mwamuyesa, mupatse anthu asanu a tsitsi losiyana, wina wa mesh, wina wa tsitsi lachilengedwe, wina mwana, muwauze kuti azimanga tsiku lililonse ndi kuchapa. Pakatha mwezi muwaitanitse, mutsegule msoko muone mmene lasitiki ndi polumikizira paja zilili musanasoke zambiri.